Kuphikira mwana wa matenda a celiac: pomwe pamalakwika, ndi mmene mungakonzere osataya mtima

Masabata oyamba dokotala atanena kuti mwana ali ndi matenda a celiac, makolo ambiri amayendera mantha, ndipo mantha amapatsa mphamvu. Vuto limadza pa mwezi wachitatu kapena wachinayi. Mantha aja atha, kwatsala kutopa: mapoto awiri tsiku lililonse, mwana akulirira mandasi, agogo akung'ung'udza, ndiye pamwamba pake mimba ya mwanayo n'kutupanso osadziwa kuti chalowa n'chiyani. Apa m'pamene anthu amayamba kulekerera.

Matendawa amayenda chonchi. Mu tirigu, barele ndi rye muli puloteni yotchedwa gluten. Mwana wa celiac akaidya, chitetezo cha m'thupi mwake chimaukira matumbo ake aang'ono. M'kati mwa matumbowo muli tinsonga tambirimbiri tangati ubweya wa thaulo, tomwe timayamwa chakudya. Tinsongati timafota, thaulo lija n'kusanduka nsalu yosalala, chakudya n'kumangodutsa. N'chifukwa chake mwana amatsegula m'mimba, amachepa magazi, amapinimbira ngakhale akudya. Palibe mapiritsi ochiza. Mankhwala ake ndi mbale ya chakudya chopanda gluten, moyo wonse.

Koma tayang'anani mbaleyo. Nsima ya chimanga ilibe gluten. Kondowole alibe. Mpunga, mapira, mawere, mchewere, mbatata, chinangwa, maungu, nyemba, nandolo, khobwe, nsinjiro, usipa, chambo, mazira, nyama, masamba onse, zipatso zonse: zilibe. Banja la ku Ulaya likalandira uthengawu, chakudya chawo chenicheni chimachoka patebulo. Kwathu kuno tirigu ndi mlendo wa pa tiyi ndi wa pamsewu. Choncho njira yochepetsa ntchito si kuphikira mwana payekha ngati wodwala wa m'chikuta, koma kuphika chakudya cha banja lonse chopanda gluten, n'kumusunga mlendoyo pakona pake. Mavuto ambiri ali m'munsimu amachepa mukangochita zimenezi.

Mwana akudwalabe chonsecho buledi munasiya kalekale

Ili ndiye vuto lofooketsa kwambiri, ndipo pafupifupi nthawi zonse lili ndi gwero lopezeka. Choyamba werengani nthawi. Ana ambiri amayamba kusintha m'masabata angapo: chilakolako cha chakudya chimabwerera, kulira kumachepa. Koma matumbo amatenga miyezi kuti achire, ndipo chizindikiro cha m'magazi chotchedwa tTG-IgA chimatsika pang'onopang'ono, mwina chaka kapena kupitirira chisanafike pabwino. Ngati papita masabata atatu okha, pitirizani basi. Ngati papita miyezi itatu sikelo isakusuntha, yambani kufufuza.

Mlingo wa gluten womwe mukusakawu ndi waung'ono zedi. Lamulo la Codex Alimentarius, lomwe ndi muyezo wa zakudya wa padziko lonse, limalola chakudya kutchedwa chopanda gluten ngati gluten wake sapitirira mamiligalamu 20 pa kilogalamu. Kafukufuku wa ku Italy wa mu 2007 anapeza kuti mamiligalamu 50 patsiku kwa masiku 90 anali okwanira kuwononga matumbo a akuluakulu odwala matendawa. Kagawo kamodzi ka buledi kali ndi gluten wokwana magalamu 2 kapena kuposa. Ndiye tikukamba za nyenyeswa, osati za mbale.

Tengani kope, lembani chilichonse cholowa m'kamwa mwa mwana kwa masiku 14, ndi amene wamupatsa, ndi mmene mimba yachitira. Kenako yendani m'khitchini motere.

Yambani ndi majarini. Tsegulani chitini muyang'ane pakuwala: mudzaona tinyenyeswa ta bulauni m'mizere momwe mpeni unadutsa. Wina anapaka buledi n'kubwezeramo mpeniwo. Chimodzimodzi chiponde, jamu ndi shuga amene anthu amatungamo ndi supuni yomwe yakhudza sikono wonyika mu tiyi. Mwana akhale ndi chitini chakechake cholembedwa dzina.

Ziwiya si zonse zofunika kugula zatsopano, musaononge ndalama. Poto wachitsulo, mbale, makapu ndi masupuni zimayera ndi sopo ndi madzi. Zosayera ndi zomwe zili ndi ming'alu kapena timabowo: sefa, lichero, mthiko wong'ambika, thabwa lodulira buledi, chosefera supageti, ndi makina owotchera buledi. Sefa yomwe inasefapo ufa wa tirigu musaisefere ufa wa phala la mwana. Mthiko wa nsima usavundulirenso zosakaniza za mandasi. Mangani kachingwe kofiira pa ziwiya za mwana kuti aliyense wolowa m'khitchini adziwe popanda kufunsa. Ndipo dziwani kuti moto supha gluten. Si kachilombo. Kuwiritsa kapena kukazinga sikuthandiza chilichonse.

Apa mpomwe mafuta amalowera. Tchipisi pachokha ndi mbatata ndi mafuta, palibe vuto. Koma imani pa chiwaya muone: mafuta omwewo akazingira zigege, zomwe amaviika mu ufa wa tirigu, ndipo tizidutswa ta ufawo tikuyandama m'mbali, tina tamatirira pa tchipisi. Kunyumba n'chimodzimodzi mukasunga mafuta a mandasi kapena a samusa n'kukazingira mazira mawa lake. Mabotolo a mafuta otsala akhale awiri, olembedwa.

Ufa nawo uli ndi njira yake. Zigayo zambiri zimagaya chimanga, mapira, soya ndi makaka, ndipo apo palibe nkhawa. Koma kumadera olima tirigu, monga ku Tsangano ku Ntcheu ndi ku Neno, chigayo chomwecho chikhoza kukhala chitagaya tirigu inu musanafike. Funsani mwini chigayo. Kupatula ufa woyamba kutuluka, makilogalamu awiri kapena atatu, kumachepetsa vutoli koma sikulithetsa. Chabwino ndi kupeza chigayo chosagaya tirigu. Pamsika pewani ufa woyezedwa ndi mbale yomwe akuyezeranso ufa wa tirigu. Tsiku lophika masikono kunyumba, yambani mwaphika cha mwana, vundikirani, chotsani m'khitchini, chifukwa fumbi la ufa limauluka n'kutera paliponse.

Kenako mapaketi. Mawu oyenera kuwasaka pa chikalata cha zosakaniza ndi awa: wheat, barley, rye, malt, semolina, spelt, rusk, couscous. Amabisala mu supu wa m'mapaketi, timakyubu tokometsera ndiwo, zokometsera za nyama ya soya, masoseji, poloni, soy sauce, ndi ma cornflakes ambiri omwe amathiramo malt wa barele. Milo ndi Horlicks zili ndi barele, sizoyenera. Mahewu ena a m'mabotolo amathiramo ufa wa tirigu. Koma thobwa la kunyumba la chimera cha mawere, mapira kapena chimanga lilibe vuto. Musasokoneze chimera chathu ndi malt wa pa paketi, amene kawirikawiri amakhala wa barele. Oats wamba amakhala ataphatikizana ndi tirigu kumunda ndi kufakitale, ndiye musampatse pokhapokha atalembedwa gluten free ndipo dokotala wavomera. Werengani paketi ulendo uliwonse, ngakhale ya chinthu chomwe mumagula nthawi zonse, poti makampani amasintha zosakaniza osalengeza. Amene ali ku Britain ali ndi mwayi woti tirigu, barele ndi rye amalembedwa moonekera, kawirikawiri ndi zilembo zakuda kwambiri, ndipo pali chizindikiro cha ngala ya tirigu yodulidwa ndi mzere. Katundu wopanda chikalata cha zosakaniza, msiyeni.

Mukayenda monsemu osapeza kanthu, ganizirani ziwiri. Matumbo ovulala amalephera kugaya shuga wa mumkaka kwa kanthawi, choncho mkaka wa madzi ukhoza kutupitsa mimba ngakhale mulibe gluten. Chambiko ndi yogati zimalandirika bwinoko, ndipo vutoli limatha matumbo akachira. Musachotse mkaka kwamuyaya osafunsa kuchipatala. Chachiwiri, mwana wa celiac amadwalanso matenda ena onse a ana. Njoka za m'mimba, madzi akumwa osatetezeka, malungo, TB: zonsezi zimatsegula m'mimba kapena kuondetsa. Osamangoti ndi gluten. Pitani naye kuchipatala ndi kope lija komanso buku lake la sikelo.

Zophika zikungoyoyoka, mwana akuzikana

Gluten ndi amene amapangitsa ufa wa tirigu kutamuka ngati mphira n'kugwira mpweya, mandasi n'kufufuma. Ufa wa chimanga ndi wa mpunga ulibe mphirayo. Mukangousinthanitsa ndi wa tirigu pa kaphikidwe komweko, chotuluka ndi mwala kapena mchenga, ufa ndi mazira n'kupita pachabe, inu n'kukhumudwa. Yambani ndi zakudya zomwe sizinafunepo tirigu n'kale lomwe.

Zitumbuwa: nthochi 3 zakupsa mpaka makoko ada, kapu imodzi ya ufa wa chimanga, kamchere pang'ono. Kanyani nthochi, sakanizani, siyani mphindi 15 kuti ufa umwe madzi. Zikamamwazika m'mafuta, ndiye kuti mafuta sanatenthe kapena zosakaniza zachuluka madzi. Onjezerani masupuni aakulu 2 a ufa wa chinangwa, womwe umamata. Yesani mafuta ndi kadontho: kakwere pamwamba nthawi yomweyo. Zitumbuwa za pamsika musazikhulupirire, ogulitsa ena amathiramo ufa wa tirigu ndipo mafuta ake ndi a mandasi omwe aja.

Chigumu: makapu 2 a mgaiwa wosefa, nthochi 4 zokanya, mazira 2, kapu imodzi ya chambiko, masupuni aakulu 4 a mafuta, atatu a shuga, theka la supuni yaing'ono ya mchere. Sakanizani musiye mphindi 20. Soda, supuni yaing'ono imodzi, muthire pomaliza penipeni, kenako pamoto nthawi yomweyo, chifukwa akakumana ndi chambiko amayamba kutulutsa mpweya pompo ndipo mukachedwa mpweyawo umathawa. Mu uvuni ndi madigiri 180, mphindi 35 mpaka 40. Pa mbaula, makala ochepa pansi, ambiri pa chivundikiro. Chigumu chopserera pansi koma chachiwisi pakati ndi chizindikiro choti moto wa pansi unachuluka. Chikamamveka ngati sopo, soda wachuluka kapena munagwiritsa mkaka wosasasa. Musachidule chikali chotentha, chimayoyoka.

Mwana akaumirira mandasi, yesani makapu 2 a ufa wa mpunga, kapu imodzi ya ufa wa chinangwa, dzira limodzi, masupuni aakulu 4 a shuga, masupuni aang'ono 3 a baking powder amene mwawerenga kuti mulibe tirigu, ndi mkaka wokwana kapu imodzi ndi pang'ono. Zikhale zolimba ngati phala lokhuthara, zotunga ndi supuni, osati zokanda ndi manja. Zikamalumika ngati mchenga, ufa wa mpunga ndi wokhakhala: vikani mpunga maola awiri, umitsani, sinjani, sefani kawiri, ndipo zosakanizazo muzisiye theka la ola. Amene angapeze xanthan gum, ufa wothandiza zophika kumatana, m'masitolo a ku Johannesburg kapena ku London athire kota ya supuni yaing'ono pa kapu iliyonse ya ufa. Mukapyoza pamenepo zimatuluka zoterera ngati therere. Tinene chilungamo: sangafanane ndi mandasi a tirigu, ndipo akagona amauma. Musamulonjeze mwana kuti ndi omwewo. Apatseni dzina lina, adyedwe tsiku lomwelo. Ufa wa chinangwa ukhale wa chinangwa chovikidwa ndi kuumitsidwa bwino, poti chowawa chili ndi poizoni wake.

Buledi wopanda gluten wa m'masitolo akuluakulu ndi wodula ndipo si wofunika. Mbatata yootcha, chinangwa chophika, futali, phala la mgaiwa la nsinjiro, mpunga wa dzulo wokazinga ndi dzira: kadzutsa wa sabata yonse wakwana.

"Kachidutswa kokha sikangamuphe"

Mawu awa mudzawamva kwa agogo, azakhali, aneba, ndipo amachokera m'chikondi. Kumana mwana sikono pamene anzake akudya kumaoneka ngati nkhanza. Kukangana nawo sikuphula kanthu, ndipo kungowaletsa kumachititsa kuti azimupatsa mobisa, zomwe n'zoopsa kwambiri chifukwa kope lanu lija limayamba kunama.

Chomwe chimawasokoneza n'chakuti mwana akhoza kudya bisiketi osasanza, osatsegula m'mimba. Afotokozereni kuti bala lake lili m'kati, losaoneka, ndipo chidutswa chilichonse chimalitokosa. Kenako apatseni ntchito, osati lamulo lokha: "Agogo, mdzukulu wanuyu tirigu amamupweteka m'matumbo, adokotala anayeza. Koma zitumbuwa zanu zija ndi futali ndiye mankhwala ake. Mungamamuphikireko zimenezo?" Munthu amene wapatsidwa chophika sasakanso chobisa. Ngati n'kotheka, pitani nawo limodzi kuchipatala ulendo wina akamve okha. Mawu a mpongozi ndi mawu a dokotala salemera mofanana.

Ena adzati ndi matenda atsopano a anthu a m'tauni kapena a azungu. Dokotala Samuel Gee anawafotokoza ku London mu 1888. Willem Dicke, dokotala wa ana wa ku Netherlands, anaona kuti ana odwala matendawa anapeza bwino pa njala ya 1944 mpaka 1945 buledi atasowa, n'kudwalanso atabwerera. Mu Africa momwemuno, mwa ana a mtundu wa Saharawi wa ku Western Sahara, kafukufuku anapeza oposa 5 pa 100 alionse ali nawo, pamene padziko lonse ndi pafupifupi munthu mmodzi pa 100. Palibe amene analodza mwana, ndipo si chifukwa cha mmene mayi anamuyamwitsira kapena kumudyetsera. Chiyambi chake ndi cha kumtundu. N'chifukwa chake makolo ndi abale ake a bere limodzi akuyenera kuyezedwa, poti mwa iwo pafupifupi mmodzi pa 10 amapezeka nawo. Chenjezo lake ndi ili: woyezedwa asasiye tirigu asanayezedwe, apo ayi magazi adzaonetsa ngati ali bwino. Ngati banja lonse lasiya tirigu kunyumba, muuzeni dokotala zimenezo asanatenge magazi.

Kusukulu, kumaphwando, kutchalitchi

Phala la kusukulu la mtundu wa Likuni Phala ndi la chimanga ndi soya, choncho pazokha zosakaniza zake zilibe tirigu. Komabe pitani mukaone thumba lake ndi ophika. Ngozi yeniyeni ili pageti, pa mabeseni a mandasi ndi zigege, ndi pa kugawana kwa ana pa nthawi yopuma. Mwana wanjala ali ndi ndalama m'thumba adzagula zomwe anzake akugula. Mpatseni kamba m'malo mwa ndalama, ndipo akhale wochulukirapo kuti azigawira anzake: mtedza wokazinga, chimanga chootcha, mbuliwuli, nthochi, dzira lowiritsa, chigumu. Mwana amene akugawa samadziona wotsalira. Mphunzitseni chiganizo chimodzi chachifupi choti azinena yekha: "Zikomo, za tirigu zimandidwalitsa." Aphunzitsi ake adziwe kuyambira tsiku loyamba la teremu.

Kuukwati ndi kuphwando la tsiku lobadwa, mwana adye kunyumba asananyamuke, ndipo mutenge chake chokoma choti adye pa nthawi yodula keke. Kumeneko mpunga, nsima ndi nyama yootcha nthawi zambiri zili bwino. Funsani za msuzi, poti ophika ambiri amaukhutharitsa ndi ufa wa tirigu kapena supu wa m'paketi, komanso nkhuku yokazinga yoviika mu ufa.

Za mgonero kambiranani msanga, osati Loweruka loti mawa lake ndi mgonero. Mpingo wa Katolika umafuna kuti mkate wa Ukaristia ukhale wa tirigu, koma umalola wa gluten wochepetsetsa, komanso umalola munthu kulandira m'chikho chokha. Chikhocho chisakhale chomwe wansembe waponyamo kachidutswa ka mkate. Onanani ndi bambo mfumu mwana asanayambe maphunziro a Ukaristia woyamba. M'mipingo ina, kambiranani ndi abusa za mkate wina woikidwa pambale yakeyake.

Wadya mwangozi

Zidzachitika, ngakhale kwa makolo osamala kwambiri. Palibe mankhwala ochotsa gluten m'thupi, ndiye musamusanzitse kapena kumumwetsa zotsuka m'mimba. Mpatseni zakumwa zambiri. Akamatsegula m'mimba, paketi imodzi ya ORS mu lita imodzi ya madzi abwino, azimwa pang'onopang'ono. Chakudya chikhale chofewa, phala, mpunga, nthochi. Kawirikawiri zimadutsa m'masiku ochepa. Thamangirani kuchipatala ngati akusanza chilichonse, maso alowa, sakukodza, wafooka kwambiri kapena chimbudzi chili ndi magazi.

Chofunika kwambiri tsiku limenelo ndi nkhope yanu. Mukamukalipira, ulendo wina sadzaulula. Mufunseni modekha kuti anadya chiyani ndipo anampatsa ndani, lembani m'kope, tsekani mpatawo. Kudya kamodzi mwangozi sikufafaniza miyezi yonse ya khama lanu; chomwe chimavulaza ndi tinyenyeswa ta tsiku ndi tsiku.

Pali kavuto kena kobwera mwana akayamba kuchira: kudzimbidwa. Kumachitika chakudya chikangokhala ufa woyera, mpunga woyera ndi chinangwa. Bwererani ku mgaiwa, onjezerani nyemba, masamba, papaya ndi madzi. Pa kuchepa kwa magazi, chiwindi, nyama, usipa, nyemba ndi bonongwe zimathandiza, makamaka zikadyedwa ndi chipatso monga lalanje kapena malambe; tiyi akhale kutali ndi nthawi ya chakudya chifukwa amatchinga ayironi. Mapiritsi a magazi apereke ndi achipatala.

Wophika ndiye watopa

Kutopa kwa wophika n'kumene kumagwetsa dongosolo lonse, ndipo kaŵirikaŵiri gwero lake si kuphika kwenikweniko, koma kuganiza katatu patsiku kuti lero adya chiyani, komanso kukhala munthu yekhayo m'nyumba amene akudziwa malamulo. Zonse ziwiri zili ndi pokonzera.

Lembani zakudya 7 za m'mawa ndi 7 za madzulo zomwe mwana amadya osakangana, mumate pepalalo pakhoma, muzingozungulira pomwepo. Chatsopano yesani kamodzi pa sabata, tsiku lomwe muli ndi mpata, ndipo pang'ono pokha kuti chikakanika musadandaule ufa. Loweruka phikani chigumu chachikulu. Ngati muli ndi firiji, dulani zigawo muumitse, muzitulutsa chimodzichimodzi. Mtedza kazingani wa sabata yonse.

Phunzitsani munthu wachiwiri, kaya ndi bambo, mchemwali wake wamkulu kapena wantchito, mpaka athe kuphika tsiku lonse inu kulibe. Osangomuuza ayi: aphike inu mukuonerera, kawiri kapena katatu, awerenge paketi mokweza. Mayi amene sangapite kumaliro masiku awiri chifukwa choopa khitchini ndiye kuti dongosolo silinakwane.

Abale ake akayamba nsanje kuti iye ali ndi chitini chakechake, kapena iye akayamba kudandaula kuti anzake akudya mabisiketi pamaso pake, njira ndi yomwe ija: zokoma za m'nyumba zikhale zodya onse, za tirigu azidya kunja kapena iye kulibe. Pewaninso kumutchula kuti wodwala pamaso pa alendo. Mwana wa zaka 5 akhoza kukanya nthochi, wa zaka 8 akhoza kusaka mawu akuti wheat pa paketi, wa zaka 12 akhoza kuphika chigumu yekha.

Ndipo kuti muone phindu la ntchitoyi, musadalire maso, poti mwana amene mumamuona tsiku lililonse saoneka kuti akukula. Muyezeni sikelo kamodzi pamwezi, tsiku lomwelo, pa sikelo yomweyo, ndipo miyezi itatu iliyonse muimikeni pa chitseko opanda nsapato, lembani mzere ndi deti. Manambalawo mupite nawo kwa dokotala pa ulendo wotsatira, pamodzi ndi kope la zakudya lija.